Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: anthu amene timawatcha ovuta akufunika chithandizo

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zaumoyo, aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, ndi akuluakulu oyang'anira zaumoyo m'makhonsolo a maboma awiriwa.

Olemekezeka,

Ndikulemba kalata iyi ndili kuno ku Ntcheu, kumene kwa zaka zambiri ndakhala mlangizi wa mabanja mumpingo, ndiponso membala wa komiti yoona zaumoyo m'dera lathu. Ntchito ziwirizi zandikhazika pamphasa imodzi ndi anthu amene chipatala chimawabweza kunyumba, ankhoswe n'kutopa nawo, abusa n'kuwapempherera mpaka kugwa ulesi, apolisi n'kuwasunga usiku umodzi kenako n'kuwamasula. Anthu amenewa savula zovala pamsika ndipo salankhula okha mumsewu, choncho palibe amene amaganiza zoti akudwala. Pamudzi timangoti uje ndi wovuta, ngwamtima wapachala, ngwamwano, ngwokonda kuonekera, apo ayi timati adamulodza. N'zoona kuti ena mwa iwo ndi amwano chabe. Koma ena ali ndi matenda odziwika bwino kwa madokotala a maganizo, matenda amene ali ndi chithandizo chake, ndipo chithandizocho sichilira makina okwera mtengo kapena mankhwala oitanitsa kunja. Chimalira anthu ophunzitsidwa, nthawi yokhala pansi ndi wodwala, ndi kachipinda kokhala ndi chitseko. Pempho langa lonse lagona pamenepa.

Madokotala amati munthu ali ndi personality disorder pamene kaganizidwe kake, kamvedwe ka zamumtima ndi kakhalidwe kake ndi anzake zidapindika kuyambira paunyamata, ndipo zikumubweretsera mavuto omwewo kulikonse kumene wapita, kaya ndi kubanja, kuntchito kapena kutchalitchi, chaka ndi chaka. Buku la bungwe la American Psychiatric Association lotchedwa DSM-5, limene lidatuluka mu 2013, lidatchula mitundu 10 ya matendawa n'kuigawa m'magulu atatu. Gulu lachiwiri, limene amalitcha Cluster B, ndilo la anthu amene mitima yawo imabwadamuka msanga ndipo zochita zawo zimadzidzimutsa anzawo. Muli mitundu inayi. Wa antisocial sawerengera malamulo kapena ufulu wa mnzake, amanama, kulanda ndi kumenya popanda kumva chisoni pambuyo pake. Wa narcissistic amadziona wapamwamba kuposa aliyense ndipo amafuna kutamandidwa kosalekeza, moti kadzudzulo kakang'ono kamamuyatsa ukali, chifukwa pansi pa matama onsewo pamakhala mtima wosachedwa kusweka. Wa histrionic sapeza mtendere ngati maso a anthu sali pa iye. Mtundu wachinayi ndi borderline, ndipo ndikhalitsa pa umenewu chifukwa ndiwo umafikitsa anthu ambiri kuchipatala, komanso ndiwo uli ndi chithandizo chimene chidayesedwa kwambiri.

Munthu wa borderline amakhala ndi mantha aakulu oti amusiya. Mnzake akachedwa kuyankha foni, akapanda kumwetulira, akanena kuti mawa ali ndi ulendo, iye amamva ngati dziko lamugwera. Yemwe m'mawa amamutcha mngelo, pofika madzulo wasanduka mdani. Amatha kumwaza tsiku limodzi ndalama zonse za kachewere wa chaka chathunthu, kumwa mowa mosadziletsa, kuthetsa banja usiku n'kulirira kuti libwerere kusanache, ndipo akakhala yekha amanena kuti mkati mwake mulibe kanthu, sakudziwanso kuti iye ndani. Ambiri amadzivulaza, osati pofuna kufa nthawi zonse, koma chifukwa ululu wa pakhungu umawapumitsa kwakanthawi ululu wa mumtima. Mkwiyo kapena chisoni zimamufikira msanga kuposa anzake, zimakwera kwambiri kuposa anzake, ndipo zimachedwa kutsika. Ali ngati munthu amene akutsetsereka panjinga yopanda mabuleki pa Khwekhwerere polowera ku Golomoti: kumukuwira kuti ima sikumuimitsa, ngakhale iye mwini akufunitsitsa kuima.

Kafukufuku wa m'mayiko ena amasonyeza kuti munthu mmodzi kapena awiri mwa anthu 100 aliwonse ali ndi vutoli, ndipo mabuku a madokotala amanena kuti pakati pa 8 ndi 10 mwa odwala 100 amafika pochotsa moyo wawo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 650,000 kuno ku Ntcheu ndi oposa 830,000 ku Dedza. Ngakhale titachotsapo ana onse n'kuwerengera mmodzi yekha pa 100, tikunena za anthu zikwi zingapo m'maboma awiri okha, ndipo aliyense wa iwo ali ndi mwamuna kapena mkazi, ana, makolo ndi ankhoswe amene akuvutika naye limodzi.

Gwero lake si limodzi. Pali chibadwa, pakuti ana ena amabadwa ndi mtima womva msanga, ndipo izi zimayenda m'magazi monga zimayendera zina. Palinso makulidwe. Mwana wa mtima wotere akakulira pakhomo pamene kulira kwake kumayankhidwa ndi mbama, pamene akanena kuti wina wamugwira mosayenera amauzidwa kuti atseke pakamwa asachititse mtundu manyazi, amakula osadziwa kutchula zimene akumva ndi osadziwa kudzitonthoza. Amaphunzira kuti munthu amamveka pokhapokha akakuwa, akaswa chinthu kapena akadzivulaza. Kuno kwathu tili ndi ana amasiye amene adayenda makomo anayi kapena asanu asanathe sukulu ya pulaimale, ana amene makolo awo adapita ku Joni osabweranso, ndi atsikana amene adalowetsedwa m'banja mawere asanamere bwino. Pamene Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza idadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana, ambiri adaona nkhani ya sukulu yokha, koma idalinso nkhani ya thanzi la maganizo. Ndifulumire kunena kuti si aliyense wozunzidwa ali mwana amene amadwala matendawa, ndipo si wodwala aliyense amene adazunzidwa. Tisathamangire kuloza chala amayi ake a munthu, pakuti nawonso nthawi zambiri amakhala atalira mokwanira.

Ndifotokoze za mtsikana wina wa zaka zosakwana 25 amene ndidamuperekeza pachipatala china usiku, titamupanikiza pakati pa ine ndi mnyamata wa kabaza kuti asagwe panjinga yamoto. Mwamuna wake adali atapita kukagulitsa kabichi ku Lizulu, foni n'kumuthera moto, osayankha mpaka dzuwa kulowa. Mtsikanayo adatsimikiza mumtima mwake kuti mwamunayo wapita kwa mkazi wina ndipo sabweranso. Adaswa mbale, adatentha malaya a mwamunayo, kenako adamwa mankhwala a m'munda. Achipatala adapulumutsa moyo wake, ndipo pa chimenecho ndimawathokoza mpaka lero. Koma mawu oyamba amene adamva atatsitsimuka adali akuti, "Mwabweranso inu? Anzanu ofuna moyo agona pansi apa, inu mukungotha madiripi." Atamutulutsa, ndidatsegula kabuku kake ka kuchipatala. Mudalembedwa za poizoni ndi mankhwala amene adalandira, basi. Nditabwerera masamba a m'mbuyo ndidapeza kuti zomwezi zidalembedwapo kale, ndi manja ena, miyezi ina. Zipsera zimene zidali pamkono wake, pansi pa juzi imene ankavala ngakhale mu Okutobala, palibe amene adafunsa za izo.

Kumudzi ankhoswe adakhala pansi n'kugamula kuti, "Ameneyu akungoopseza mwamuna. Akadafuna kufa bwenzi atafa kale." Iye adangowerama, akulemba mizere pansi ndi kamtengo. Anthu atabalalika adandiuza chapansipansi kuti, "Amayi, zikandiyamba sindiona munthu. Zikatha ndimachita manyazi moti ndimalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo."

Namwino uja sindimuimba mlandu waukulu. Adali yekha m'wodi yodzaza, ndipo palibe amene adamuphunzitsa chochita ndi wodwala wobwerabwera wotere. Ankhoswe nawonso adalankhula zimene adamva kwa makolo awo. Koma chigamulo chawo n'choopsa, chifukwa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena momveka kuti chizindikiro chachikulu chosonyeza kuti munthu angadzadziphe ndicho chakuti adayeserapo kale. Choncho chinthu choyamba chimene ndikupempha n'chakuti pakhale lamulo la ntchito m'zipatala zonse za maboma athu, lakuti munthu aliyense wobwera atadzivulaza kapena atamwa poizoni asatuluke asanakhale pansi ndi namwino kapena kiliniko ofisala wa matenda a maganizo, ndipo pasanathe sabata wina amuimbire foni kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake amuyendere. Alangizi athu a zaumoyo amadziwa khomo lililonse limene lili ndi mwana wosabaya katemera, ndiye sangalephere kudziwa khomo la munthu amene wangotuluka kumene m'kamwa mwa imfa.

Ndikudziwa kuti ena a inu mudzati odwala maganizo amapita ku Zomba. Chipatala cha Zomba Mental chimagwira ntchito yaikulu, monganso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma taganizani za mlimi wa ku Tsangano kapena ku Mayani amene akufunika kuonana ndi mphungu wa zamaganizo sabata iliyonse kwa chaka. Kuti atsike phiri, adutse Balaka ndi Liwonde mpaka akafike ku Zomba, ndalama ya ulendo umodzi yokha ingamudyetse masiku angapo. Komanso akatswiri ambiri amavomereza kuti kugoneka munthu wa borderline m'chipatala kwa miyezi sikumuchiritsa. Kumugoneka masiku ochepa pamene moyo uli pachiswe kumathandiza, koma kuchira kwenikweni kumachitika ali kwawo, pakati pa anthu omwewo amene amakangana nawo. Kwa zaka zoposa 70 nkhani za matenda a maganizo m'dziko muno zidayendetsedwa ndi lamulo la 1948 lotchedwa Mental Treatment Act, limene maso ake adali pa kutsekera anthu, ndipo kaganizidwe kameneka kadakhazikika mwa ife moti tikaona munthu amene sakuyenera kutsekeredwa timaganiza kuti ndiye kuti sakudwala.

Mapiritsi nawonso si yankho. Bungwe la NICE la ku England, limene limapereka malangizo kwa madokotala a kumeneko, lidanena mu 2009 kuti mankhwala asamaperekedwe pofuna kuchiza borderline yeniyeniyo, ndipo ngati munthu wapatsidwa ogonetsa pa nthawi ya vuto, asapitirire sabata imodzi. Mankhwala ali ndi malo ake ngati wodwalayo alinso ndi matenda ena, monga kukhumudwa kwakukulu kapena khunyu. Koma chimene chimachitika dokotala akasowa chochita n'chakuti amalemba diazepam, amene amazolowereka m'thupi ndipo amatha kumasula munthu kuchita zinthu mopupuluma kuposa kale, kapena chlorpromazine, amene amangomulemeretsa thupi n'kumugoneka masana, kapenanso sodium valproate, amene amavulaza mwana wosabadwa ngati mayi atenga pakati akumwa. Mwezi wotsatira wodwala uja abwera ali chimodzimodzi, ndipo amuwonjezera mtundu wina. Kumupatsa munthu amene amadzivulaza thumba la mapiritsi a miyezi iwiri kuti akasunge yekha n'kumuika pangozi. Apatsidwe a masiku ochepa, ndipo ngati n'kotheka asunge wachibale.

Chimene chimathandiza ndi uphungu wokhala ndi dongosolo. Marsha Linehan, katswiri wa pa University of Washington ku Seattle, adakonza njira yotchedwa DBT, ndipo mu 1991 adafalitsa zotsatira zosonyeza kuti amayi amene adathandizidwa ndi njirayi adachepetsa kudzivulaza ndipo adagona m'chipatala masiku ochepa poyerekeza ndi anzawo. Mu 2011 mayiyu adaulula poyera kuti iye mwini adadwala kwambiri ali mtsikana, mpaka kutsekeredwa m'chipatala. Maziko a njira yake ndi mfundo ziwiri zooneka ngati zotsutsana, zimene mphungu amazigwira pamodzi: amamuuza wodwala kuti ululu wako ndi weniweni ndipo uli ndi chifukwa chake, komanso kuti uyenera kusintha, pakuti palibe wina angakusinthire. Ife kumudzi timakonda kutenga imodzi. Ena amangodzudzula, ena amangonyengerera, ndipo onsewo amalephera.

Kachitidwe kake n'kosavuta kukafotokoza, ngakhale kuti kumafuna khama. Sabata iliyonse wodwala amaonana ndi mphungu wake payekha, ndipo amabwera ndi kapepala kamene wakhala akulembapo tsiku ndi tsiku mmene mkwiyo, chisoni ndi maganizo odzivulaza zidakwerera. Ngati adaswa mbale Lachitatu, awiriwo amabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kufufuza chimene chidayamba, chimene adaganiza, chimene adamva m'thupi, ndi pamene akadatha kupatuka. Sabata yomweyo amakumananso pagulu ndi anzake kwa maola awiri, ngati m'kalasi, kuphunzira maluso a mitundu inayi: kuzindikira zimene zikuchitika mumtima popanda kudziweruza, kupirira nthawi yowawa popanda kuwonjezera vuto, kutsitsa maganizo asanafike pachimake, ndi kupempha kapena kukana chinthu popanda kuphwanya ubale. Ena mwa malusowa ndi apafupi kwambiri, monga kumiza nkhope m'beseni la madzi ozizira kuti mtima uchepetse kuthamanga, ndipo madzi ozizira ku Dedza ndi ku Tsangano sitichita kugula. Maphunziro a pagulu amatenga masabata 24, ndipo kawirikawiri amabwerezedwa kuti chikwane chaka. Pakati pa sabata, zinthu zikavuta, wodwala amaloledwa kuimbira mphungu kuti amukumbutse luso loti agwiritse ntchito asanadzivulaze.

Pali njira zinanso. Anthony Bateman ndi Peter Fonagy a ku London adafalitsa mu 1999 zotsatira za njira yotchedwa MBT, imene imaphunzitsa munthu kuima kaye n'kudzifunsa chimene chili m'maganizo mwake ndi chimene chingakhale m'maganizo mwa mnzake. Kwa mtsikana uja, luso lonse likadakhala kutha kunena mumtima kuti mwina foni yangotha moto. John Gunderson wa pachipatala cha McLean ku America adaphunzitsanso kuti odwala ambiri safunika katswiri wapamwamba, koma dokotala kapena namwino wamba amene amawauza dzina la vuto lawo mosabisa, amakumana nawo pa nthawi yokhazikika, ndipo amawalimbikitsa kugwira ntchito ndi kukhala ndi moyo wina kunja kwa chikondi chimene chikuwazunguza mutu. Njira yomalizayi ikufanana kwambiri ndi zimene zipatala zathu zingakwanitse.

Kale madokotala ankakhulupirira kuti munthu wa borderline sachira. Mary Zanarini ndi anzake a pachipatala chomwecho cha McLean adatsatira odwala 290, ndipo adapeza kuti patatha zaka 10, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse adali atakhalapo zaka ziwiri kapena kuposa zizindikiro zitazilala. Amene adafika pokhalanso ndi ntchito yokhazikika ndi maubale abwino adali pafupifupi theka, kusonyeza kuti ulendowu ndi wautali ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tanthauzo lake kwa inu oyendetsa zaumoyo n'lakuti munthu amene mwamusunga wamoyo pa zaka zake zovuta, za m'ma 20, ali ndi mwayi waukulu wodzakhala kholo ndi mlimi wodalirika pambuyo pake.

Tsono anthu ogwira ntchitoyi achokera kuti? M'zipatala za maboma muli kale anamwino ndi makiliniko ofisala amene adaphunzira za matenda a maganizo, ena ku Zomba, ena ku koleji ya St John of God ku Mzuzu. Vuto lodziwika n'lakuti pakasowa anthu m'mawodi ena, iwowa ndiwo amayamba kutengedwa, ndipo galimoto ikasowa mafuta, ulendo wa kiliniki ya maganizo kumidzi ndiwo umayamba kulephereka. Ndikupempha kuti atetezedwe pantchito imene adaphunzira. Ndikupemphanso kuti undunawu, mogwirizana ndi Kamuzu University of Health Sciences ndi a St John of God, uphunzitse kagulu ka anthu ochepa m'boma lililonse maluso a DBT, ndi kuti mapepala ophunzitsira akonzedwe m'Chichewa chomveka kwa munthu amene adalekeza sitandade 5, okhala ndi zithunzi za amene sadziwa kuwerenga. Gulu loyamba lingayambire paboma, kenako n'kufalikira ku Lizulu, Kasinje, Bilira, Mtakataka, Lobi ndi Linthipe. Ndondomeko ya WHO yotchedwa mhGAP, imene idayamba mu 2008 pofuna kuphunzitsa achipatala wamba za matenda a maganizo, ili ndi gawo la kudzivulaza ndi kudzipha koma ilibe gawo lapadera la matenda ndikunenawa, choncho amene adaphunzira ndondomekoyi akufunika kuwonjezeredwa.

Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda adayambitsa mu 2006 ntchito ya Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo zotsatira zimene zidafalitsidwa mu 2016 zidasonyeza kuti odwala adapezadi bwino. Ntchitoyi idakonzedwera anthu a nkhawa ndi kukhumudwa, osati a borderline, ndipo sindikunena kuti agogo asenzetsedwe odwala ofuna kudzipha popanda wowayang'anira. Koma idatsimikiza kuti munthu wamba wophunzitsidwa bwino angathe kuchiza ndi mawu. Chofunika kukumbukira n'chakuti odwala amenewa amatopetsa. Lero akuyamika, mawa akutukwana, mkuja akuti iwe wekha ndiwe umandimvetsa. N'chifukwa chake Linehan adaika m'dongosolo lake msonkhano wa sabata ndi sabata wa aphungu okhaokha, woti azithandizana ndi kupepuzana. Mukadzatuma namwino mmodzi yekha kuti asenze zonsezi, sipadzatha chaka asanapemphe kusamutsidwa.

Pa mitundu ina ija ndilankhule mosapsatira. Chithandizo cha antisocial mwa munthu wamkulu n'chovuta ndipo zotsatira zake n'zochepa, ndipo wa narcissistic kawirikawiri safika n'komwe kuchipatala, chifukwa kwa iye olakwa ndi ena onse. Matenda si chiphaso chomenyera mkazi kapena kugwirira mwana. Mayi amene wathawira ku Victim Support Unit ali ndi mabala asauzidwe kuti pirirani, amuna anu akudwala. Atetezedwe, ndipo lamulo ligwire ntchito yake. Pamene tingapindule kwambiri ndi paubwana, pakuti dokotala satchula antisocial munthu asanakwane zaka 18, ndipo amafuna umboni wakuti khalidwe la nkhanza, kuba ndi kuzunza ziweto lidayamba asanakwane zaka 15. Pakati pa zaka zimenezi pali mpata. Maphunziro othandiza makolo kulera ana ovuta popanda chikoti ndiponso popanda kuwalekerera adasonyeza phindu m'mayiko ambiri, ndipo mnyamata amene wachotsedwa sukulu n'kuyamba kachasu ndi chamba pamsika wa Chimbiya kapena Kampepuza akufunika wina womulondola asanakafike kundende.

Pali chenjezo lina limene ndikufuna mulisunge pamene mukuphunzitsa anthu. Mayina a matendawa asasanduke zitukwano. Masiku ano pa Facebook aliyense amene wakanidwa chibwenzi akumutcha mnzake narcissist. Mayi amene akulira modzigwetsa pamaliro a mwana wake sakudwala histrionic, ndipo Mngoni amene akuvina ngoma ku Nkolimbo, chishango m'manja, akudzitamanda ndi mayina a makolo ake, sakudwala chilichonse. Mkazi amene akumenyedwa tsiku ndi tsiku akamakuwa ndi kuthawathawa, vuto lili kwa womenyayo. Palinso matenda ena ofanana nawo pamaso, monga bipolar (kusinthasintha pakati pa nyengo za kukhumudwa kwambiri ndi za kusangalala kopyola muyeso), khunyu, kuvulala m'mutu ndi zotsatira za mowa, amene chithandizo chake n'chosiyana. Dzina liperekedwe ndi munthu wophunzira, atamuona wodwala kangapo ndi kumva mbiri yake yonse. Buku latsopano la WHO la ICD-11, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2022, lidasiya kugawa anthu m'mitundu yambirimbiri ndipo limafunsa kaye ngati vutolo ndi laling'ono, lapakati kapena lalikulu. Kwa chipatala cha kumudzi funso limenelo ndilo lothandiza, chifukwa limasonyeza amene angathandizidwe pomwepo ndi amene ayenera kutumizidwa paboma.

Kwa inu aphungu a Nyumba ya Malamulo ndili ndi nkhani ziwiri. Gawo 229 la Penal Code lidalembedwa kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu. Maganizo amenewa tidawalandira kwa atsamunda, koma ku England komweko adawachotsa mu 1961, ndipo dziko la Ghana lidachita chimodzimodzi mu 2023. Ndaona mabanja akubisa wodwala m'nyumba, akumumwetsa mkaka ndi madzi a sopo, chifukwa choopa kuti akapita naye kuchipatala nkhani ikathera kupolisi. Onetsetsani kuti mawu amenewa achoka m'mabuku athu onse, ndipo anthu a kumudzi ndi apolisi omwe auzidwe momveka kuti malo a munthu wotere ndi kuchipatala. Nkhani yachiwiri ndi ya mankhwala ophera makoswe ndi tizilombo ta m'munda amene amagulitsidwa m'timapepala topanda dzina pa tsiku la msika, pafupi ndi tomato ndi usipa. Munthu wa mtima wopupuluma amachita chinthu m'mphindi zochepa, ndipo mphindizo zikadutsa popanda choopsa pafupi, mawa amadzuka ali moyo. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri a m'munda, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 pakati pa 1995 ndi 2015, ulimi osagwa. Bungwe la Pesticides Control Board lipatsidwe mphamvu ndi mafuta oyendera m'misika ya m'malire, pakuti kuno msewu wa M1 wokha ndiwo umatilekanitsa ndi Mozambique m'malo ena, ndipo katundu amangodumpha msewu.

Mafumu, abusa, mashehe, anankungwi ndi asing'anga musawasiye kunja. Munthu asanafike kwa namwino amakhala atadutsa kwa onsewa, ndipo adzabwerera kwa iwo akatuluka. Sindikutsutsa pemphero, pakuti inenso ndimapemphera nawo odwalawa. Chimene ndikutsutsa ndi kumuuza mtsikana amene amadzida kale kuti mwa iye muli chiwanda, ndiye zikamubwerera sabata yotsatira n'kumuuzanso kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Tsiku limodzi la maphunziro kwa ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo pa T/A iliyonse lingawaphunzitse kumva mawu oti ndikufuna kufa ngati mmene amamvera mawu oti mwana wakomoka, ndiponso kudziwa nambala ya foni yoti aimbe. Achibale nawonso akufunika malo awo okumanirana, chifukwa mwamuna wa mtsikana uja, amene anthu ankamuseka kuti akulamulidwa ndi mkazi, adali ataonda ndi mantha ndipo sankadziwa ngati kupita kumsika n'kulakwa.

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo makhonsolo amakonza mapulani awo miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Ndikupempha kuti m'mapulani a ulendo uno a Ntcheu ndi Dedza muoneke mzere wake wa thanzi la maganizo, wotchula ndalama za maphunziro a aphungu a zamaganizo, mafuta a kiliniki zoyendayenda ndi mayunitsi a foni yoimbira odwala otuluka m'chipatala. Ndikupemphanso kuti zipatala ziyambe kulemba m'kaundula mmodzi anthu onse obwera atadzivulaza, ndi kusonyeza amene abwera kachiwiri kapena kachitatu, popanda kuulutsa mayina awo, kuti pamsonkhano wa khonsolo makhansala ndi mafumu aziona chiwerengerocho pamodzi ndi cha malungo ndi cha amayi oyembekezera. Ife a m'makomiti a zaumoyo kumidzi tili okonzeka kupeza chipinda, kuitana anthu ndi kuperekeza odwala, ndipo tidikira yankho lanu kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu.

Ine wanu mwaulemu,

Mlangizi wa mabanja ndi membala wa komiti ya zaumoyo,
Ntcheu